Mmene ndinapepukitsira webusaiti yomwe inkakana kutseguka pa mafoni a alimi

Sabata yathayi ndinamaliza ntchito yomwe inandidyera masiku ambiri kuposa momwe ndinkayembekezera, ndipo ndikulemba izi mtima usanakhale pansi kwenikweni, chifukwa tsiku limodzi lathunthu linapita pachabe pa vuto lomwe ndikanalipeza m'mphindi khumi ndikanakhala kuti ndinayamba ndagwira foni ya mwini ntchito m'manja mwanga.

Ntchito yake inali yokonzanso webusaiti ya mayi ena omwe ali ndi sitolo yogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala a ziweto ku Lilongwe. Dandaulo lawo linali lomveka bwino. Anandiuza kuti: "Achimwene, alimi akadina linki yomwe ndimawatumizira pa WhatsApp akumadikira mpaka kutopa, bandulo n'kutha asanaone n'komwe mtengo wa thumba la feteleza." Ine nditatsegula webusaitiyo pa laputopu yanga, pa intaneti ya ku ofesi, zonse zinaoneka bwinobwino, moti mumtima ndinayamba kuganiza kuti mayiwo akungokokomeza. Apa m'pamene ndinalakwitsa koyamba. Webusaiti iziyesedwa pa foni yotchipa ya Android yomwe ikugwiritsa ntchito bandulo, chifukwa ndiyo imene kasitomala ali nayo m'thumba.

Amene anaipanga poyamba anagwiritsa ntchito Create React App, chida choyambira mawebusaiti a React (React ndi chida chomangira masamba ndi chilankhulo cha JavaScript), chomwe gulu loyang'anira React linalengeza mu February 2025 kuti anthu asiye kuyambira nacho ntchito zatsopano. Ndinasankha kusamukira ku Vite, chida china chogwira ntchito yomweyo, chomwe anayambitsa Evan You mu 2020. Za kuika Node ndi kutsitsa zofunikira sindinenapo, poti aliyense wogwira ntchito imeneyi amazidziwa. Misampha yake ili pa zinthu zing'onozing'ono. Fayilo ya index.html, yomwe ndi tsamba loyamba lomwe foni imalandira, imachoka mu foda ya public n'kubwera pamwamba penipeni pa ntchito yonse, mafayilo okhala ndi JSX amafunika kuthera ndi .jsx m'malo mwa .js, mayina onse oyamba ndi REACT_APP_ amasanduka oyamba ndi VITE_ ndipo amawerengedwa kudzera mu import.meta.env, komanso zomwe mumatumiza ku seva zimatulukira mu foda ya dist osati ya build. Zonsezi zinanditengera theka la tsiku basi.

Kunena zoona, webusaiti ya masamba asanu ngati imeneyi sinkafunika React n'komwe. HTML ndi CSS zokha zikanakwanira, ndipo n'chifukwa chake masiku ano zida ngati Astro zikukondedwa, popeza zimatumiza tsamba lopangidwa kale popanda JavaScript pokhapokha pomwe mwaipempha. Ndinasiya React chifukwa mndandanda wa mitengo, womwe mayiwo anazolowera kuusintha okha, unamangidwa mmenemo, ndipo ndalama zomwe tinagwirizana sizikanalipira kuyambiranso zonse.

Katundu wolemera kwambiri anali zithunzi. Zinajambulidwa pa foni n'kuikidwa pa webusaiti momwe zinalili, moti chithunzi chimodzi cha matumba a mbewu ya chimanga chinali choposa 4 MB, chonsecho pa foni chimaoneka kukula ngati bokosi la machesi. Ndinazichepetsa ndi chida cha Squoosh n'kuzisandutsa WebP, mtundu wa zithunzi zopepuka womwe Google inatulutsa mu 2010 ndipo Safari inayamba kuulandira mu 2020, kotero palibenso chifukwa chouopera. Pa chithunzi chilichonse ndinakonza chaching'ono cha pa foni ndi chachikulu cha pa kompyuta, n'kusiyira lamulo la srcset kuti lizisankha choyenera. Ndinalembanso width ndi height pa chilichonse, chifukwa popanda zimenezi mawu amadumpha chithunzi chikamafika, munthu n'kudina malo olakwika. Pano ndinapunthwanso pang'ono. Ndinaika loading="lazy", lamulo lochedwetsa chithunzi mpaka munthu atayandikira pomwe chili, pa zithunzi zonse, kuphatikizapo chachikulu cha pamwamba, ndipo Lighthouse, chida choyezera liwiro la tsamba, inaonetsa kuti LCP, nthawi yomwe chinthu chachikulu cha pa tsamba chimatenga kuti chioneke, yaipiraipira. Chithunzi choyamba kuoneka sichiyenera kuchedwetsedwa. Miyezo ya Google imafuna kuti LCP isapitirire masekondi 2.5, CLS, muyezo wa kudumpha kwa zinthu pa tsamba kuja, isapitirire 0.1, ndipo INP, nthawi yomwe tsamba limatenga kuyankha munthu akadina, isapitirire mamilisekondi 200.

Tsiku lomwe linandipsetsa mtima linali Lachinayi. Lachitatu usiku ndinafufuta mafayilo akale pa seva, ndinakweza foda ya dist, ndinayesa pa laputopu, zonse zili bwino, ndinakagona ndili wokhutira. M'mawa kusanatenthe foni inalira. "Achimwene, mwachita chiyani? Kale inkachedwa koma inkatseguka, pano pakungooneka poyera ngati pepala." Ndinatsegula pa laputopu, inatseguka. Ndinatsegula pa foni yanga, inatsegukanso. Ndinalembera kampani yomwe imasunga webusaitiyo, ndipo patatha maola atatu anandiyankha mzere umodzi wokha wonena kuti seva yawo ilibe vuto. Nditaimba foni, mnyamata yemwe anayankha anandiuza kuti ngati ndikufuna kuti katswiri wawo ayang'ane, ndiyambe ndalipira ndalama ya chithandizo chapadera. Ndinamufunsa mwaulemu ngati pali chilichonse chomwe seva yawo imasunga kapena kulamula mafoni kuti asunge, ndipo iye anangobwereza za ndalama zija. Masana onse ndinakhala ndikusanthula code yomwe inalibe cholakwa, kukweza ndi kukwezanso mafayilo omwewo, kenako magetsi anazima laputopu itatsala ndi moto wochepa.

Cha m'ma 3 koloko ndinakwera minibasi kupita kusitoloko, chinthu chomwe ndinayenera kuchita m'mawa. Ndinapempha foni ya mayiwo, ndinayatsa USB debugging, ndinailumikiza ku laputopu ndi chingwe chotchajira, n'kutsegula chrome://inspect, tsamba loonetsa pa laputopu zolakwika zomwe foni ikukumana nazo, nditakhala pa thumba la laimu kuseri kwa kauntala. Mzere wofiira unali umodzi wokha: Unexpected token '<'. Nditangouona ndinadziwa chomwe chachitika. Foni yawo inali itasunga index.html yakale, yomwe inkaitanabe fayilo ya JavaScript ya mu foda ya static yomwe ine ndinafufuta usiku uja. Popeza .htaccess, fayilo ya malamulo a seva, inalembedwa kuti chilichonse chosapezeka chizibwezera index.html, foniyo inkalandira HTML pomwe ikuyembekezera JavaScript, ndipo inkangoima pa chilembo choyamba chenicheni. Ine sindinkaona vutoli chifukwa pa laputopu ndimazimitsa cache, mosungira masamba omwe anatsegulidwapo kale, nthawi zonse ndikamagwira ntchito, ndipo foni yanga inali isanatseguleko webusaiti yakaleyo.

Chomwe chikundiwawabe n'chakuti lamulo losunga mafayilo onse kwa mwezi wathunthu, kuphatikizapo HTML, linali loyatsidwa kale m'makonzedwe a kampani yomweija, pa tsamba lomwe mnyamata uja akanangonditchulira pa foni popanda kulipira tambala ngakhale imodzi.

Kukonza kwake kunali kosavuta. Pa index.html ndinaika Cache-Control ya no-cache, kuti foni izifunsa kaye seva ngati pali yatsopano. Mafayilo a mu foda ya assets ndinawalola kusungidwa chaka chathunthu, chifukwa Vite imaphatikiza zilembo zosakanikirana pa dzina la fayilo iliyonse, ndipo zamkati zikasintha dzinanso limasintha. Koma lamulo latsopanolo silikanafika pa mafoni omwe anasunga kale tsamba lakale, choncho ndinabwezera foda ya static pa seva kuti alimi amenewo aziona webusaiti yakale m'malo mwa pepala loyera mpaka mwezi uja utatha. Mwamwayi ndinali nditasunga kope lake. Musamafufute mafayilo akale tsiku lomwelo lomwe mwakweza atsopano, ndipo ndibwerezenso, yesani pa foni ya mwini ntchito, makamaka yomwe inatsegulapo webusaiti yakale.

Ndatsala pang'ono kuiwala za zilembo, zomwe ndinakumana nazo Lolemba zonsezi zisanachitike. Pofuna kuti tsamba lisamakatenge font, kutanthauza kaonekedwe ka zilembo, ku seva ina, ndinatsitsa font ya pa Google Fonts n'kuisunga pa seva yathu, koma ndinangotenga gawo lotchedwa latin poti ndilo laling'ono. Mayiwo amalemba dzina la dziko lathu kuti Malaŵi pa mutu wa tsamba, ndipo chilembo cha ŵ chinaoneka chowonda ndi chopendekeka mosiyana ndi zinzake, ngati mlendo pakati pa abale. Chilembo chimenechi, chomwe nambala yake ndi U+0175, chimapezeka mu gawo la latin-ext, kotero foni inkachibwereka ku font ina. Ndinaonjezera gawolo ndi unicode-range kuti lizitsitsidwa pa masamba okhawo omwe likufunika, komanso font-display: swap kuti mawu azioneka font isanafike. Aliyense wopanga webusaiti ya Chichewa kapena Chitumbuka ayesere chilembo chimenechi asanapereke ntchito.

Za kaonekedwe sindichulutsa mawu. Ndinachotsa Bootstrap yonse, yomwe inkangogwira ntchito yoyalira timabokosi ta katundu, n'kugwiritsa ntchito CSS Grid, yomwe yakhala ikugwira ntchito pa Chrome, Firefox ndi Safari kuyambira mu March 2017. Mzere umodzi wa repeat, auto-fit ndi minmax umachititsa kuti katundu aime m'danga limodzi pa foni ndi m'madanga anayi pa kompyuta. Ndinachotsanso mafayilo othandizira Internet Explorer 11, yomwe Microsoft inasiya kuisamalira pa 15 June 2022. Chithunzi cha chizindikiro cha sitolo chinasowanso kwa kanthawi chifukwa mu code chinalembedwa logo.png pomwe fayilo yake inali Logo.png, kusiyana komwe Windows sailabadira koma seva ya Linux saikhululukira.

Loweruka ndinabwereranso kusitoloko, ndipo tinapempha mlimi wina yemwe anabwera kudzagula mankhwala a nkhuku kuti atsegule linki pa foni yake yosweka galasi. Mitengo inaoneka asanamalize kupukuta galasilo ndi malaya ake. Foda ya static ikadali pa seva, ndipo ndalemba pa kalendala tsiku lodzaifufuta mwezi wamawa.