Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Samu ya pa mpini wa banjo

Sabata yatha ndinalekeza pa nthawi imene ndinayamba kukhoma mabanjo ku Linga, ku Nkhotakota. Ambiri mwafunsa chimene chinkachititsa kuti mabanjo anga oyambawo azimveka ngati mphaka waponderezedwa. Vuto silinali chigubu cha galoni, kapena thabwa la malaina, kapena waya wa buleki ya njinga. Linali timawaya topingasa tija todinapo zala, tomwe ndinkakhoma motalikirana mofanana, ngati mapando a chimanga. Mawu satsata muyeso wotero.

Tengani nsambo ya masentimita 60, kuyeza kuchokera pa kathabwa ka kumutu mpaka pa kathabwa kokhala pachigubu. Mukaidina pakati penipeni, pa 30, imanjenjemera kawiri msanga: ngati inkanjenjemera ka 220 pa sekondi, tsopano ndi ka 440. Ameneyo ndi do wapamwamba, amene a kwaya amamudziwa. Mukasiya magawo awiri mwa atatu kuti alire, mumamva so. Atatu mwa anayi, fa. Choncho, poyeza kuchokera kumutu, kawaya ka 5 (ka fa) kamakhala pa 15, ka 7 (ka so) pa 20, ka 12 (ka do wapamwamba) pa 30. Titatu timeneti tikakhala pamalo, nyimbo zambiri za kutchalitchi zimaimbika ndithu.

Tinato timafuna pensulo. Gawani 60 ndi 17.817, mupeza 3.37, ndipo apo ndi pa kawaya koyamba. Yotsala ndi 56.63. Igaweninso ndi 17.817, mupeza 3.18, ndiye kachiwiri kali pa 6.55 kuchokera kumutu. Kachitatu pa 9.55, kachinayi pa 12.38. Mipata imanka ichepa chifukwa nthawi iliyonse mukudula gawo lomwelo la nsambo imene yafupika kale. Amisiri akale a ku Ulaya ankagawa ndi 18, monga ankalimbikitsira Vincenzo Galilei, bambo ake a wasayansi uja Galileo. Njira imeneyo imaika kawaya ka 12 pa 29.8, ndipo kunena zoona, pa banjo ya chigubu ine sindiinyoza, pakuti kudina kumakoka nsambo n'kukweza mawu pang'ono, ndiye mamilimita awiriwo amabweza.

Pomwe ambiri amagwa m'pakuyeza. Musayeze kuchokera pa kawaya kamene mwangokhoma. Theka la milimita lolakwika limaberekana mpaka kumunsi. Tepi iyambire kumutu nthawi zonse. Kathabwa ka pachigubu musakamate msanga. Chunani nsambo, imbani osadina, kenako dinani pa ka 12. Mawu akapitirira do, kankhirani kathabwako kumbuyo milimita imodzi kapena iwiri. Akapanda kufika, kasendezereni kumpini.

Thabwa laliwisi ndiye mdani wina. Dzuwa la Okutobala kunyanja kuno likaliwamba, mpini umapindika, nsambo zimakwera kutali ndi timawaya, ndipo samu yonse ija yapita m'madzi. Chinyezi nachonso chimadyetsa waya dzimbiri, mawu n'kusasa. Ndipo musafune mawu okwera pongopotokola chichiri: kuti nsambo ifike pa do wapamwamba iyenera kukokedwa ndi mphamvu yowirikiza kanayi. Waya wa buleki amaduka asanafikeko, ndipo amakwapula kumaso. Sankhani waya wowonda, kapena twaini ya asodzi.

Gawo likubwerali ndifotokoza za babatoni ya nsambo imodzi, yomwe ilibe timawaya konse, pomwe botolo ndi khutu ndizo zimagwira ntchito ya tepi.