Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Jakisoni wa Pamsana

Ndinalekezera paja adokotala a mafupa anakweza ekiselo yanga pawindo n'kundionetsa mutu wa fupa la ntchafu. Umayenera kukhala wobulungira bwino, koma wanga unali utadyeka ngati sopo wotsala. Zaka 23 ndikukoka mabelo a salaula pa msika wa Soweto ku Lusaka, ndiye munthu ungadabwe chiyani? Anati audula mutuwo, aikepo wachitsulo.

Kunyumba ku Chilenje palibe anadandaula za macheka kapena chitsulo. Mkangano wonse unali pa funso limodzi: andigonetse kapena andibaye pamsana?

Mlamu wanga anachita kukwera basi kuchokera ku Katete, thumba la nsawawa kumutu, kudzanena mawu awa: "Mlamu, wa pamsana musalole. Mnzanga anam'baya pobereka, mpaka lero khasu sagwira." Mwana wanga wamkazi naye anali ndi zake za pafoni. "Amama, zogonetsa zija ena sadzuka." Bambo a kunyumba anangoti phee, akukonza wailesi yomwe sinawonongeke. Ine ndinagona masiku atatu ndikusankha pakati pa kupuwala ndi kufa.

Sindinkadziwa kuti kuli dokotala wina amene ntchito yake ndi tulo ndi dzanzi basi. Anabwera pa wodi kutatsala tsiku limodzi, mnyamata woti ndikanam'bereka. Za chiuno sanafunse n'komwe. Anati ndiyasamule, nditulutse lilime, ndiyang'ane kudenga. Mano oikirira alipo? Mumaliza mkonono? Mphumu inakugwirani liti komaliza? Mapilitsi a BP mumamwa ati? Nanga ochepetsa kuundana kwa magazi? Atafika pa mankhwala azitsamba ndinakana m'maso muli gwa. Mwana wanga anatsokomola. "Amama, nanga botolo la azakhali lija?" Manyazi ake! Mnyamatayo sanaseke, anangolemba, nati ndilisiye kaye botololo chifukwa zitsamba zina zimachititsa kuti magazi achedwe kuundana.

Kenako anatembenuza pepala n'kujambula msana.

Njira yoyamba, anati, ndi tulo tathunthu. Amathira mu diripi mankhwala oyera ngati mkaka, dzina lake propofol, ndipo usanamalize kuwerenga mpaka 20 wapita. Amalowetsa paipi pakhosi, makina n'kumakupumira mpaka ntchito ithe. Podzuka ena pakhosi pamawawa, ena amasanza, ndipo okalamba ena mutu umasokonekera kwa masiku angapo.

Pa njira yachiwiri ndi pomwe anakhalitsa, chifukwa anaona nkhope yanga. Anandionetsa kuti mtsempha waukulu wa m'kati mwa msana sufika pansi penipeni, umathera cha pamwamba pa chiuno. M'munsi mwake mumatsala timitsempha toyandama m'madzi, ndipo singano imalowa kumeneko, kutali ndi mtsempha waukuluwo. Mankhwala ake, bupivacaine, sadzaza n'komwe sipuni ya tiyi. Kuyambira m'chiuno kutsika kumachita dzanzi kwa maola awiri mpaka anayi, pamene opaleshoni yeniyeniyo imatenga ola limodzi kapena awiri. Zoipa zake sanabise. BP imatha kutsika mwadzidzidzi, mkodzo umatha kukana kutuluka mpaka aike kapaipi, ndipo ena ochepa mutu umawawawa kwambiri akakhala tsonga, n'kumaleka akagona. Kupuwala kwamuyaya anati kulipo m'mabuku koma n'kosowa zedi.

Ndinam'funsa za mnzake wa mlamu. Sanam'nyoze mayiyo. Anati pobayidwapo pamatha kupweteka masiku angapo, koma msana wowawa kwa zaka nthawi zambiri umachokera ku mimba yomweyo, kubereka mwana kumbuyo ndi kuwerama m'munda, jakisoni amangosenzetsedwa mlandu.

"Nanga inuyo, akanakhala amayi anu?"

"Mayi, njira zonse ziwiri timachita tsiku ndi tsiku ndipo anthu amapita kwawo. Koma ndi mphumu yanuyi, ine sindingakonde kulowetsa paipi pakhosi panu popanda chifukwa. Wa pamsana akakanika kugwira, ndikugonetsani, zonse zidzakhala pafupi. Kusankha n'kwanu."

Ndinasaina. Usiku womwewo mwana wanga, pofuna kundilimbitsa mtima, anandiwerengera kuti jakisoniyu anayambitsa ndi dokotala wa ku Germany, August Bier, mu 1898, ndipo poyesa ngati wagwira anamenya womuthandizira wake ndi nyundo pamwendo. Mwana ameneyu sadziwa kusankha nkhani zouza wodwala.

Unali mwezi wa July, kuzizira kwa Lusaka kuja kolowa m'mafupa. Nsima ndinalekera usiku, chifukwa m'mimba muyenera kukhala mopanda chakudya kwa maola 6. Ku fiyeta anandikhazika m'mphepete mwa bedi, mapazi pa kampando, pilo pachifuwa. Anesi anandigwira mapewa onse awiri. "Pindani msana, amayi, ngati mukuwotha mbaula." Chomwe chinandidzidzimutsa si singano ayi, ndi mankhwala otsukira khungu, ozizira ngati madzi a m'firiji. Kajakisoni koyamba kanaluma ngati nyerere. Yachiwiri, imene ndinailirira masiku atatu, ndinangomva ngati munthu akukankha ndi chala.

Kenako kutentha. Kunayambira m'matako kutsikira kumapazi, ngati ndakhala m'bafa la madzi ofunda. "Kwezani mwendo." Ndinauuza mwendo kuti ukwere, mwendo osamva. Anatenga thonje lozizira n'kumandikhudza nalo, paphewa, pamimba, pantchafu. Paphewa ndinamva kuzizira, pantchafu ndinangoona dzanja lake likuyenda. Apo mtima unagunda, chifukwa mawu a mlamu anabwera onse. Posakhalitsa nseru inandigwira, thukuta pamphumi. Mnyamata uja anali atayang'ana kale makina ake. "BP yatsika pang'ono, ndaiona." Anathira kanthu mu diripi ndipo nseru inachoka momwe inabwerera.

Anandigoneka cham'mbali, n'kutchinga nsalu kuti ndisaone. Anawonjezera mankhwala owodzeretsa, moti zambiri ndimazikumbukira ngati maloto. Koma nyundo ndinaimva. Amene munadutsapo ku Kalingalinga pa msewu wa Alick Nkhata, pomwe anyamata amasula mageti ndi mafelemu a mawindo, phokoso lake ndi lomwelo. Kho! Kho! Kho! Thupi lonse limagwedezeka, ululu ayi. Ndinaganiza kuti akukonza bedi la munthu wina. Akuti ndinafunsa kuti geti limeneli mukugulitsa zingati, fiyeta yonse n'kuseka. Ine zimenezo sindizikumbuka, ndipo ndimakanabe.

Amene mukudikira opaleshoni yotereyi, funsani za phokosoli musanalowe. Ine palibe anandiuza, ndipo ndikanakhala maso bwinobwino mwina ndikanakuwa.

Ku wodi ndinafika ndili maso, ndikunjenjemera ndi kuzizira, ndikufuna tiyi. Mayi wa bedi loyandikana nalo, amene anam'gonetsa kwathunthu chifukwa msana wake unachitidwapo opaleshoni kale, anadzuka bwino lomwe, kungoti mawu anali atasasa. Cha m'ma 3 koloko chala changa chachikulu chakuphazi chinagwedezeka. Dzanzi likamachoka ululu umalowa m'malo mwake, ndipo ine ndinalakwitsa kudzilimbitsa m'malo moitana anesi msanga. Usiku umenewo ndinauona kutalika.

Mlamu anali atakhala kumapazi kwa bedi kuyambira masana, akunditsina chala mwakabisira mphindi zilizonse. Nditakuwa kuti "Mlamu, mukundipweteka!" anaimirira, n'kumanga chitenge chake bwinobwino.

"Chabwino, miyendo yabwera. Za msana tidzaona nthawi yolima."

M'mawa mwake kunabwera atsikana awiri ophunzitsa odwala kuyenda, atanyamula chogwirira chachitsulo, akuti ndiimirire tsiku lomwelo. Zimene ndinawayankha ndidzakuuzani m'gawo 18.