Ndinakhala ku Mozambique ndili ku Bangula

Anthu a kwathu kuno kuchigwa sakonda kuwoloka malire ndi pasipoti. Wa ku Nsanje akafuna kukaona azakhali ake ku Mutarara amangotenga kachikalata kodutsira pachipata cha Marka, chifukwa uku ndi uko ndi Asena okhaokha, maliro amalira limodzi, malowolo amadyera limodzi. Koma ine ndinali ndi pasipoti yatsopano, masamba onse oyera mbee. Ndinaipangitsira ulendo wa ku Joni umene unafera m'mazira, ndiye inkangogona pansi pa sutikesi. Mayi a kunyumba atapita kwawo ku Mozambique kukachira mwana wathu woyamba, ndinati nawu mwayi. Ndikaone mwana, ndibwerenso ndi chidindo choti anzanga a pabawo ku Bangula adziwe kuti ena tinayendako kunja.

Pa Marka anadinda. Tsidya linalo, pa Vila Nova da Fronteira, bwana wina anadindanso, pha! Kenako analemba 30 ndi cholembera pansi pa chidindocho, nkulankhula zake m'Chipwitikizi. Ine ndinagwedeza mutu mwaulemu, ndati obrigado. Mumtima ndinkati 30 ija ndi nambala yanga pamzere, ndipo ndinadabwa pang'ono poti pamzerepo tinalipo anthu ochepa, wina ali ndi nkhuku.

Chimene bwanayo ankanena n'chakuti Mmalawi amalowa mu Mozambique popanda viza, inde, koma ngati mlendo wa masiku 30 basi. Ukafuna kukhalitsa, kaya uli ndi mkazi komweko, kaya mwana, kaya dimba, pamafunika chiphaso cha alendo okhala m'dzikomo chimene amachitcha DIRE. Ukwati paokha sukupatsa chimenechi. Apongozi akhoza kukukonda mpaka kukuphera mbuzi, boma lawo likuwerengabe masiku.

Ndipo kukondedwa ndinakondedwa. M'mawa buledi wawo uja wa pão, masana nsomba za mphende zootcha, madzulo alamu anga kundikweza panjinga kukaona mlatho wa Dona Ana, uja wodutsa pa Zambezi pakati pa Mutarara ndi Sena, wautali kuposa makilomita atatu. Mvula inagwa. Mkamwini wanzeru sangachoke apongozi akubzala. Tinabzala, tinapalira, mwana anayamba kumwetulira.

Tsiku lina ndinatulutsa pasipoti kuti alamu aione, aone kuti mlongo wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba. Iwo ndi a kabaza, za pachipata amazidziwa. Anayang'ana chidindo, nkuyang'ana ine, nkuyamba kuwerenga zala. Zala zitatha anayambiranso.

"Alamu, munapitirira kalekale. Apa pali chindapusa, ndipo amawerenga tsiku lililonse."

Nkhani inafika kwa apongozi aamuna ali pamkeka. Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwananga, ine ndinathawa nkhondo nkukakhala kwanu ku Malawi, kwa Tengani, mpaka mtendere utabwera mu 1992. Mkazi wakoyu anabadwira komweko. Ndani anandiwerengera masiku? Iwe wabereka kuno, ndiwe wa kuno."

Mawu okoma, koma apongozi sagwira ntchito pachipata.

Nzeru inachokera kwa alamu. Anati chindapusa chimalipidwa ndi munthu amene wafika pawindo. Amene sanafikepo salipira. Anali ndi mnzawo msodzi wodziwa tinjira ta m'dambo la Ndindi. Usiku womwewo pasipoti ndinaikulunga m'jumbo ya shuga, nkuibisa m'kabudula wamkati. Tinalowa m'bwato, bwato lake loti ukayetsemula latembenuka. Msodzi anandiuza zinthu ziwiri: ndisagwire madzi chifukwa cha ng'ona, ndipo ndikamva kupuma kwamphamvu ndisafunse kuti n'chiyani. Udzudzu unandidya osaupha, poopa kugwedeza bwato. Pakati pa mabango china chake chinapumadi, fuuu, pafupi kwambiri moti nthunzi yake ndinaimva patsaya. Ndinayamba pemphero la Ambuye m'Chichewa, ndinalimaliza m'Chisena, kuti mvuuyo imve kuti ndine wachibale.

Kunacha ndili ku Malawi, matope mpaka m'chiuno, ndalama zanga zonse zili m'thumba. Pabawo ndinasimba nkhaniyi sabata yonse, mvuu ikukulirakulira. Mayi a kunyumba anabwera pambuyo pake ndi mwana, podzera pachipata ngati anthu.

Patapita miyezi, thonje nditagulitsa, uthenga unabwera kuti ndikakambe za ng'ombe yotsala ya malowolo. Ndinavala jekete ngakhale kunali kutentha kwa Okutobala, pasipoti m'thumba la pamtima, ulendo ku Marka.

Mayi wa pawindo anatsegula tsamba loyamba, lachiwiri, nkubwereranso loyamba.

"Bambo, mukupita kuti?"

"Ku Mozambique, bwana, kwa apongozi."

"Mupita bwanji muli komweko? Buku ili likuti munatuluka m'Malawi chaka chatha ndipo simunabwerere. Amene ndikulankhula nayeyu ndi ndani?"

Kumbuyo kwanga mayi wina wa dengu la tomato anayamba kuseka, osabisa n'komwe. Ndinayesa kunena kuti mwina chidindo chinafufutika ndi thukuta. Mayi wa pawindo anati thukuta la ku Nsanje amalidziwa, koma sanamvepo loti limasankha chidindo chimodzi nkusiya chinzake. Anandikhazika pabenchi, anandilembetsa lipoti, anandipatsa mawu amene sindingawalembe pano, kenako anati nkhani yaikulu ili tsidya linalo.

Kumeneko bwana wake sanakalipe ayi. Anangotenga kalendala ndi kakyuleta. Anayamba kuwerenga kuchokera tsiku limene masiku 30 anatha mpaka tsiku limenelo. Miyezi yonse imene ndinkapopera thonje ku Bangula, imene ndinkagona m'nyumba yanga, imene ndinadwala malungo pamphasa yangayanga, yonseyo inalowa mukakyuleta ngati masiku amene ndinakhala mu Mozambique popanda chilolezo.

"Koma bwana, ine ndinali kwathu!" Alamu anga, amene anabwera kudzandichingamira, ndiwo ankamasulira. Ndinatulutsa risiti ya thonje, ndinatulutsa buku la kuchipatala lokhala ndi deti la malungo aja. Bwanayo anaziyang'ana mofatsa, nkufunsa funso limodzi lokha, ndipo alamu analimasulira akuyang'ana pansi.

"Akuti umboni ndi wabwino. Ndiye akuti munatulukira pati?"

Apo m'pamene ndinaona kuti ndili ngati khoswe amene walowa mumsampha ndi mutu, nkumayesa kutuluka ndi mchira mumsampha wina. Ndikati ndinalipo, chindapusa cha miyezi. Ndikati ndinachoka, mlandu wa bwato. Ndinayang'ana alamu, mwini nzeru. Iwo anali atayamba kuchita chidwi ndi chithunzi cha pulezidenti pakhoma.

Ndalama ya thonje inathera pomwepo, ndipo sinakwane. Apongozi anagulitsa mbuzi ziwiri kuti mkamwini atuluke. Madzulo pamkeka sanandinyoze, anangoti mbuzizo tiziphatikize pa ng'ombe ija, pakuti ngongole ya pachibale siwola. Ndinapita kukachepetsa malowolo, ndinabwerako atakwera.

Kunyumba nkhani inandiyambira kufika. Nditangokhala pansi nkufunsa ngati nsima yapsa, mayi a kunyumba ananyamula mwana, nkumuuza mokweza kuti aneba amve: "Pita ukawauze alendowo kuti abambo ako ali ku Mozambique. Akabwera ndi chidindo, tiwapakulira."