Zomwe ndatola kwa Bert Kaempfert temu ino

Temu ino pa kosi yathu ya kasanjidwe ka nyimbo aphunzitsi anati aliyense asankhe mtsogoleri wa bandi mmodzi, amvetsere nyimbo zake mpaka athe kulemba zomwe chida chilichonse chikuchita. Anzanga ambiri anathamangira ku jazi. Ine ndinatenga Bert Kaempfert, mjeremani wa nyimbo zofewa zopanda mawu zija anthu amati nzongomvera mu hotela uku ukudya. Abale, mmenemo muli ntchito osati masewera.

Mkuluyu anabadwira ku Hamburg mu 1923, anaphunzira piyano, akodiyoni, klarineti ndi sakisofoni, nthawi ya nkhondo yachiwiri ankaimba mu bandi ya asilikali apamadzi, kenako nkudzalowa ku kampani yojambula nyimbo ya Polydor komwe ankasanja nyimbo komanso kujambula oimba ena. Mu 1961 nyimbo yake Wonderland by Night inafika pa nambala wani ku America, chaka chomwecho ndi iyeyo anajambula anyamata ena a ku Liverpool asanatchuke, akuimbira kumbuyo Tony Sheridan, anyamatawo ndi ma Beatles. Strangers in the Night ya Frank Sinatra ija ya 1966, chuni chake ndi cha Kaempfert. Anamwalira ku Majorca mu 1980 ali ndi zaka 56 zokha.

Koma mbiriyo si imene yandigwira mtima kwenikweni. Ndi bezi. Ukavala ma hedifoni nkumvetsera bwinobwino upeza kuti bezi si imodzi, ilipo iwiri, chibezi chachikulu choimirira chija chikugunda pansi, ndiye pamwamba pake Ladi Geisler akukhwatcha gitala ya bezi ndi piki, kachipangizo kokhwatchira zingwe kaja, uku dzanja likutsamira pa zingwe kuti mawu asamatalike, kumangomveka ka "tak tak" kouma. Wa ng'oma naye akungosesa ndi timaburashi basi. Lipenga limalowa modekha, likamaliza mzere limasiya mpata, mu mpatamo kwaya imangoti "aaa" osatchula liwu lililonse. Nditazilemba pa pepala ndinadabwa kuti malo ambiri ngopanda kanthu. Ife kuno tikakhala pa kiyibodi timafuna tidzaze paliponse, ma strings, ma brass, ma roll a ng'oma pa bar iliyonse, woimba mpaka kusowa popumira. Iyeyu anali ndi okestra yathunthu mu situdiyo koma ambiri amangodikira nthawi yawo, ndipo ukamva masekondi ochepa umadziwiratu kuti uyu ndi Kaempfert. Kwa ine utsogoleri wa bandi ndi umenewo, kudziwa woti akhale chete ndani komanso liti.

Ndiye pali chimbale cha 1962, A Swingin' Safari. Titoliro tija titangoyamba ndinati iii koma iyi ndi kwela. Ndi kweladi, ya anyamata a m'misewu ya ku Johannesburg oliza tiwisilo ta chitsulo totchipa, ma kodi atatu ongozungulira omwewo. Ife sitingaiphonye chifukwa a Daniel ndi a Donald Kachamba a ku Chileka anaitola ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, nkubwera nayo kwathu. Pa chimbale chomwecho pali Skokiaan ya August Musarurwa wa ku Zimbabwe, pali That Happy Feeling yochokera kwa Guy Warren wa ku Ghana, palinso Wimoweh yomwe gwero lake ndi Mbube ya Solomon Linda ya 1939. Apa mpomwe mtima wanga umawawa, chifukwa Linda anamwalira ali mmphawi mu 1962 momwemo pamene nyimbo yake inkalemeretsa anthu kunja. Sindikunena kuti Kaempfert ndi amene anamudyera, nyimboyo inali itadutsa kale mmanja mwa makampani a ku America, koma sindingamvere chimbalechi ngati sindikudziwa zimenezi. Komanso kunena zoona kwela yake ndi yosambitsidwa kwambiri, kupindika kwa mawu kuja a Donald ankachita wisilo italowa mkamwa chammbali kulibemo.

Pa mayeso ndikusanja nyimbo ya kwela ya gulu la anthu asanu ndi mmodzi, wisilo ikhale yokanda ngati ya ku Chileka, koma pansi ndikuikapo bezi iwiri ya Kaempfert ija, babatoni, chibezi chakwathu chopangidwa pamanja chija, ndi gitala ya piki. Pa pulakatisi yapitayi babatoni inkamiza gitalayo, ndiye sabata ya mawa tiyesa kukweza gitala okitevu imodzi timve.