Tsiku limene ndinachotsa ntchito asilikali onse

Loweruka limenelo ndinali ndi udindo waukulu, pakuti mwana wa mlongo wanga anali ndi chinkhoswe ku Area 23 nthawi ya 2 koloko masana, ndipo ine monga malume ndinali nkhoswe ya kuchimuna. M'mawa mayi a kunyumba anandiyang'ana kumutu n'kunena kuti sangalole kuti ndikaime pamaso pa anthu ndi tsitsi looneka ngati chisa cha mpheta. Motero ndinapita kukametetsa pa kanyumba kena m'mbali mwa msewu wopita ku Kamuzu Barracks, malo amene ndinali ndisanametetsepo chiyambire.

Ometawo anali bambo aatali, a msana woongoka ngati mtengo wa bulugama, osakonda zolankhulalankhula. Pa benchi panali anyamata awiri pamodzi ndi bambo ena achikulire amene ankawerenga nyuzipepala mwakachetechete. Anyamatawo ankatsutsana ngati msilikali amene wanyoza Pulezidenti pa Facebook ayenera kulangidwa, ndipo mmodzi ankanena kuti msilikali nayenso ndi nzika yokhala ndi ufulu wolankhula zakukhosi. Apa ndiyenera kuvomereza kufooka kwanga: ndinaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale kwa zaka zambiri, ndipo mkangano wa ndale ukandipeza, ndimaugwira monga galu agwirira fupa.

Nsalu ili kale m'khosi, ndinayamba kuphunzitsa. Ndinawauza kuti malamulo oyendetsera dziko lino amanena kuti Pulezidenti ndiye mkulu wa asilikali onse, ngakhale atakhala munthu amene sanagwirepo mfuti, chifukwa mphamvu zake zimachokera kwa ife ovota, ndipo munthu wonyamula mfuti akayamba kunyoza wosankhidwa ndi anthu, mawa lake adzamukankha pa mpando. Ndinawatengera ku America, kumene mu 1951 Pulezidenti Harry Truman anachotsa General Douglas MacArthur, katswiri wotchuka wa nkhondo, chifukwa chotsutsana naye poyera pa kayendetsedwe ka nkhondo ya ku Korea. Ndinatchulanso General Stanley McChrystal, amene ankatsogolera asilikali ku Afghanistan ndipo anataya udindo wake mu 2010 pamene magazini ina inasindikiza mawu achipongwe amene iye ndi omuthandiza ankanenera akuluakulu a boma la Barack Obama. Pomaliza ndinadziguguda pachifuwa pansi pa nsaluyo, ndi kunena kuti msilikali weniweni akalamulidwa ndi munthu wamba sayankha ndipo safunsa kawiri, popeza ndi msonkho wathu umene umamugulira nsapato.

Bambo achikulire aja anapinda nyuzipepala yawo pang'onopang'ono.

“Kodi bambo, mu Disembala 1993 munali kuti?” anandifunsa motero ndi mawu ofatsa.

Anandikumbutsa za Operation Bwezani, pamene asilikali analanda zida a Malawi Young Pioneers asilikali anzawo ataphedwa ku Mzuzu, anthu a mu Lilongwe muno akuwaombera m'manja m'misewu. Anatchulanso mwezi wa Epulo 2012, pamene Bingu wa Mutharika anamwalira ndipo General Henry Odillo anaima ndi malamulo a dziko kufikira Joyce Banda atalumbiritsidwa. Iwo anavomereza kuti msilikali wotukwana mtsogoleri wake ayenera kulangidwa ndithu, koma anati vuto ndi lakuti andale ena amatcha mwano chilichonse chimene sichikuwakomera, kuphatikizapo kukana kuchita choipa.

Kunena zoona, mfundoyo inali yabwino, ndipo n'chifukwa chake inandipsetsa mtima. Nthawi yomweyo ometa aja anali atayatsa makina awo akale, amene ankalira ngati chigayo, ndipo anawerama n'kundifunsa kuti achotse lochuluka bwanji. Ine sindinawamve n'komwe, chifukwa maso anga anali pa mdalayo. Ndinakweza dzanja ndi kufuula kuti, “Palibenso zokambirana apa! Chotsani onse!”

Ine ndinkanena asilikali amwano. Ometawo anamva kuti “chotsani lonse.”

Ndinangomva kuzizira kukuyenda kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo, kenaka kachiwiri, kenaka kachitatu, ndipo pamene ndinkacheukira pa galasi ndinaona msewu waukulu ngati Presidential Way utadutsa pakati pa mutu wanga, mbali ya kumanzere italimidwa kale ngati munda wodikira mvula. Ndisanatsegule pakamwa, makina anangoti zii. Magetsi anali atathima.

Nditafunsa mwaukali chimene anachitira zimenezi, ometawo anaimirira chilili, manja ali m'mbali, nayankha mwaulemu wonse kuti, “Bwana, ndinagwira ntchito ya usilikali kwa zaka 22, ndipo mwanena nokha kuti munthu wamba akalamula, msilikali safunsa kawiri.” Anyamata aja anatuluka panja kukasekera komweko. Ometawo anati angathe kumaliza ndi lezala, koma ine mwa mkwiyo ndinawalamula kuti asakhudzenso mutu wanga, ndipo lamulo limenelinso analimvera nthawi yomweyo. Ndinalipira ndalama zonse ngakhale ntchito inali theka, ndinagula chipewa cha pa kaunjika chimene chinali ndi chithunzi cha nsomba kutsogolo, n'kuthamangira ku chinkhoswe.

Chipewa cha nsomba pamwamba pa suti chinadabwitsa abale anga, koma ndinawauza kuti dzuwa la mwezi wa Okutobala silinkandiyanja. Zonse zinkayenda bwino mpaka pamene woyendetsa mwambo anaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuti abwere kutsogolo. Nkhoswe ya kuchikazi itaimirira, mawondo anga anagwedezeka, pakuti anali bambo achikulire a nyuzipepala aja, ndipo woyendetsa mwamboyo anawatchula kuti ndi msilikali wopuma amene anatumikira dziko lino kuyambira nthawi ya Kamuzu. Anandipatsa moni ndi manja awiri ngati sitinaonanepo. Kenaka abusa anapempha kuti tiyambe ndi pemphero, ndipo abambo onse anavula zipewa.

Ndinayesa kutsinzina msanga ndi chiyembekezo chakuti ena onse achita chimodzimodzi, koma pa chinkhoswe anthu satsinzina onse. Kamwana kena kanafuula kuti, “Amayi, taonani mutu wa agogo awo!” ndipo ameni wa tsiku limenelo anatuluka pakati pa kutsokomola kwa amayi amene ankadziluma milomo. Pa nthawi yosinthana nkhuku, ine nditapereka tambala, mdalayo anandipatsa thadzi n'kundinong'oneza kuti, “Bwana, mwachotsa theka lokha. Otsalawa tiwatani?”

Madzulo ake mayi a kunyumba anandikhazika pa mpando kuseri kwa nyumba, lezala ili m'manja, ndipo anandiuza kuti ndisatsegule pakamwa kufikira atamaliza. Sindinafunse kawiri.