Mawu othokoza kwa amene anatigwira dzanja kuno ku Leeds

Abale ndi alongo, ndachira, ndipo Mulungu watipatsa mwana wamkazi. Tonse awiri tatuluka m'chipatala ndipo tili kunyumba. Thupi likadali lofooka ndipo tulo sitikuona, koma sindinafune kuti chaka chino chipitirire ndisanathokoze poyera, chifukwa ambiri a inu mukudziwa kumene tachokera.

Mukukumbukira kuti kampani yosamalira okalamba imene inandibweretsa kuno ku Britain mu 2023 inalandidwa chilolezo cholemba ntchito anthu ochokera kunja pamene ndinali ndi pathupi pa miyezi inayi. Zikatero, kalata imabwera yokupatsa masiku 60 kuti upeze kampani ina yokuyimira, apo ayi uchoke m'dziko. Viza ya amuna anga inatsamira pa yanga, choncho kalata imodziyo inagwetsa nyumba yonse. Pa viza zathuzi palinso lamulo lakuti sitingalandire thandizo la ndalama la boma, ndiye lendi, magetsi ndi chakudya zonse zinagwera pa kantchito kausiku ka bambo a mwanayu. Ndinkapita kusikelo mutu uli kwina, ndipo sindinadabwe pamene azamba anandiuza kuti magazi anga ayamba kuthamanga kwambiri.

Munthu amene ndikufuna kuti nonse mumudziwe ndi azakhali athu a ku mpingo. Sitili pachibale, ndipo andiletsa kutchula dzina lawo, koma amene timapemphera limodzi mukuwadziwa. Iwo anagwirapo ntchito ya uzamba ku Gogo Chatinkha, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, asanabwere kuno. Pamene ndinawauza kuti ndikuopa kubwereranso kusikelo poganiza kuti mapepala anga akafunsidwa ndipo ndikapatsidwa ngongole yoti sindingaikwanitse, anandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti viza yanga inali isanathe, komanso kuti m'dziko muno chithandizo cha amayi oyembekezera sichikanizidwa kapena kuchedwetsedwa chifukwa cha mapepala kapena ndalama, ngakhale kwa amene amayenera kulipira. Anandipatsa nambala ya bungwe la Maternity Action, limene limalangiza amayi kwaulere pa nkhani ngati zimenezi, ndipo anakhala pambali panga pamene ndinkaimba foni. Ndi kumeneko ndinamva kuti ndalama za Maternity Allowance, zimene boma limapatsa amayi ena amene apuma pa ntchito chifukwa cha uchembere, siziwerengedwa ngati thandizo loletsedwa lija, ndiponso kuti ndinali woyenera kuzipempha popeza ndinagwira ntchito milungu yoposa 26 mkati mwa milungu 66 isanafike sabata imene mwana ankayembekezeka kubadwa.

Azakhali omwewo ndiwo anaumirira kuti ndisabise mimba pofunsira ntchito chifukwa cha mantha, ponena kuti lamulo la 2010 la Equality Act limaletsa kukana munthu ntchito chifukwa ndi woyembekezera. Sikuti mabwana onse amalimvera lamulolo, ndipo ena anangosiya kuyankha atandiona, koma kampani imodzi inandilandira, ndipo mapepala a viza analowa masiku 60 aja asanathe. Makalata onse ofunsira ntchito tinkalembera patebulo lawo la kukhitchini, iwo atangoweruka kuntchito yausiku.

Chachikulu koposa ndi ichi. Usiku wina mutu unandipweteka modabwitsa, m'maso munkangoti nyezi nyezi, nkhope ndi manja zitatupa, ndipo ine ndinati ndimwe mankhwala ndigone, kucha tikaone. Azakhali atamva pafoni anandidzudzula, anabwera ndi galimoto yawo nthawi yomweyo n'kunditengera kuchipatala. Madokotala atayeza magazi ndi mkodzo anapeza kuti ndi pre-eclampsia, matenda amene amatha kugwetsa mayi ndi kupha mwana m'mimba, ndipo anaganiza zondichita opareshoni masiku asanakwane. Azakhali, mukanapanda kuyankha foni ija, sindikudziwa ngati bwenzi ndikulemba mawu awa. Amayi anga ali ku Dedza ndipo sanathe kubwera, koma zonse zimene mayi amachitira mwana wake pa chikuta mwandichitira inu: mwandiphikira phala, mwandisambitsa pamene sindinkatha kuwerama, mwamusambitsa mwanayu mpaka mchombo kugwa, ndipo mwandibweretsera chitenje chomuberekera. Amayi akuti ndikuuzeni kuti mdzukuluyu ndi wanu. Ambuye Yesu, amene munaona misozi yathu, dalitsani manja amenewa, muwapatse moyo wautali, ndipo ana awo asadzasowe wowathandiza kulikonse kumene adzapite.

Ndikuthokozanso azamba ndi madokotala amene anandisamalira, amayi a chigwirizano amene anasonkha ndalama ya lendi ya miyezi imene zinthu zinathina, ndi achimwene amene ankaperekeza amuna anga kuchipatala usiku osawerengera mafuta. Kwa amuna anga, amene ankachoka kuntchito n'kudzakhala pampando wa m'chipatala osagona, mawu anga ndi ochepa, zotsalazo ndikuuzani kunyumba.

Kuli ena amene tinkadya nawo nsima Loweruka lililonse, amene anasiya kuyankha mauthenga atangomva kuti mapepala athu avuta, ngati kuti vuto la viza ndi chikuku choti angatengere. Enanso anafalitsa pa WhatsApp kuti tatsala pang'ono kubwezedwa kwathu, koma sanaimbe n'kamodzi komwe kufunsa ngati tadya. Sindisunga mangawa, ndipo mukabwera kudzaona mwana tidzakulandirani, koma ndaona.

Nkhondo ya mapepala sinathe. Mwana wobadwira kuno kwa makolo amene ali pa viza ngati yathu sakhala nzika ya Britain chifukwa chongobadwira kuno, choncho tikamaliza kumulembetsa, zimene lamulo limafuna kuti zichitike pasanathe masiku 42, tiyamba zomupezera pasipoti ya Malawi kudzera ku ofesi ya kazembe wathu ku London, kenako viza yakeyake. Pitirizani kutipempherera pa zimenezi. Amene mukufuna kubwera, chonde yambani mwaimbira amuna anga, chifukwa mwanayu anabadwa masiku asanakwane ndipo azakhali alamula kuti alendo azilowa ochepa ochepa, ndipo amene ali ndi chimfine ayambe adikira.