Madigiri 42 pa Chingozi ndi pepala limene linalembedwa kawiri

Ndauluka zaka 16, ndipo zaka 7 mwa zimenezi ndakhala pampando wakumanzere, wa komandante wa ndege. Za kuntchito sindikonda kulemba. Koma zimene zinachitika Lachitatu lapitali pa bwalo la ndege la Chingozi ku Tete zandikhala pakhosi, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu amene mumauluka mudzazizindikira ndisanamalize n'komwe.

Lolemba ndi Lachiwiri palibe chachikulu. Beira kupita ndi kubwerera, kenako Maputo. Utsi wa lupsa unali utakuta chigwa chonse cha Zambezi, moti mlatho wa Samora Machel ndi wa Kassuende tinkaiona titatsala pang'ono kutera. Radar ya nyengo pa ndege imodzi mwa ziwiri zathu yalowanso pa MEL, mndandanda wa zipangizo zimene ndege imaloledwa kuuluka zitawonongeka, kachitatu tsopano. Amakaniko amaigwiragwira, n'kutseka m'buku, pakapita masiku awiri yafanso, n'kuilemba ngati vuto latsopano. Chipangizo chake akuti chili m'njira kuchokera ku Johannesburg. Mawu amenewa tinayamba kuwamva mu Seputembala.

Lachitatu tinali ndi ulendo wa ku Nacala, kunyamula anthu 19 a kumgodi amene amapita kukapuma. Ndege ndi Beechcraft 1900, ija ya radar yamoyo. Tinayenera kunyamuka 7 koloko m'mawa kusanatenthe, koma basi yochokera ku Moatize inachedwa, galimoto ya mafuta nayonso inachedwa, mpaka nthawi inakwana 1 koloko masana tili pansi. Amene simunakhalepo ku Nyungwe (Tete) mu Novembala mvula isanagwe, dziwani kuti chitsulo cha ndege sichigwirika ndi dzanja, ndipo phula limamata kunsapato. Nsanja yotsogolera ndege inatipatsa madigiri 42.

Pista ya pa Chingozi, msewu wonyamukira ndi kuterapo ndege, ndi yaitali, payokha sinandidetse nkhawa. Nkhawa inali pa kukwera. Mpweya ukatentha choncho umapepuka, mapiko sagwira bwino, injini sizipereka mphamvu zonse, ndipo funso limakhala limodzi: injini imodzi ikazima titangochoka pansi, inzakeyo itikweza kapena ayi? Pamwamba pa izi, ku Nacala ndi ku Nampula kunali kutaloseredwa mabingu, ndiye ndinalamula mafuta owonjezera. Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 800, ndipo njira yake imadutsa m'Malawi, pakati pa Zomba ndi Mulanje, kumene mitambo ya masana imakwera mofulumira kuposa ndege yathu. Pa mafuta sindinafune kukambirana ndi munthu.

Ndinatsika kukazungulira ndege, kopiloto wanga n'kutsala akulemba loadsheet, pepala lowerengera kulemera kwa ndege. Ndi mnyamata wa ku Tsangano, wofatsa, wa dzanja labwino, mmodzi mwa amene ndimasangalala ndikaona dzina lake pafupi ndi langa pa esikala, ndandanda ya maulendo. Nditabwerera anandipatsa pepala kuti ndisayine. Anthu onse 19, zikwama zawo, bokosi la zipangizo za pampu limene anatibweretsera mochedwa, mafuta onse aja, ndipo manambala amati tili m'kati mwa malire. Pang'ono pokha, koma m'kati.

Mtima wanga unakana ndisanawerenge. Pa kutentha kotere, ndi mafuta ochuluka chotere, sindinachokepo pa Chingozi ndege itadzaza. Ndinatsata mzere ndi chala mpaka pa kutentha: 33. Imeneyo inali ya pa METAR, lipoti la nyengo, ya m'mawa.

"Mphwanga, 33 iyi yachokera kuti?"

"Pepani Komandante, ndinaiwala kusintha."

Ndikanamukhulupirira, chifukwa tonse tinaiwalapo. Koma pamene ankatambasula dzanja kuti alandirenso pepalalo, ndinaona lina pansi pa bolodi lake lapabondo, lopindidwa pakati. Ndinalipempha. Linali pepala loyamba, la dzanja lake lomwelo, lolembedwa 42, ndipo pansi pake anali atazunguliza makilogalamu opitirira 300 amene tinapyola. Anawerengera bwino poyamba. Anaona vuto. Kenako anatenga pepala latsopano.

Ndakumanapo ndi injini yotentha mopitirira, ndinagundapo mbalame ku Quelimane, tayala linandiphulikirapo potera. Palibe chimene chinandiziziritsa nkhongono ngati mapepala awiri aja m'manja mwanga.

Pamenepo sindinamukalipire, anthu anali atayamba kukwera. Ndinatsitsa bokosi lija ndi anthu atatu. Kuuza bambo amene wakhala milungu inayi m'fumbi la malasha kuti ana ake sawaona lero si ntchito yopepuka. Mmodzi anandilalatira m'Chipwitikizi, wina m'Chimakua, ndipo sindinawayankhe chifukwa mkwiyo wawo unali womveka. Vuto silinali lawo.

Foni inalira ndisanatseke chitseko. Shefe wa za maulendo. Anati mabuku a ndege amalembedwa ndi mpata waukulu, anati anzanga ena amanyamula onse osadandaula, anati kontirakiti ya kumgodi ikuunikidwa mu Disembala ndipo tikaitaya tonse tikhala pakhomo. Ndinawayankha kuti, "Shefe, ngati mukundilamula kuti ndinyamuke nditapyola malire, ndilembereni pa WhatsApp, ndidikira." Anadula foni. Uthenga sunabwere.

Ndinene chilungamo: ulendowo unayenda bwino. Injini zonse ziwiri zinalira bwinobwino kuyambira Chingozi mpaka Nacala, mabingu tinawapeza atasunthira kunyanja, mafuta owonjezera aja tinatera nawo osawakhudza. Tikanatenga onse 19 ndi bokosi lawo, mwina tikanafikanso. Ndipo apa ndi pamene pali poopsa, chifukwa a muofesi amawerenga maulendo amene anafika, n'kumati ndiwo umboni.

Tinagona ku Nacala. Madzulo ndinamuitana kuti tidyere limodzi, ndipo mpunga unazizira m'mbale. Anandiuza kuti ine ndili pansi pa phiko, shefe anaimbira iyeyo. Osati ine amene ndimasayina. Iyeyo. Sanamuuze kuti aname, anthu amenewa amadziwa posiyira mawu. Anangoti, "Tayang'ananso manambala akowo, ndipo ukumbukire kuti pepala lako likutha mwezi wamawa."

Pepala lake la ntchito ndi la miyezi 6. Type rating, maphunziro oyendetsa ndege ya mtundu umenewu, kampani inamulipirira ngati ngongole, amamudula mwezi ndi mwezi, ndipo akachoka kapena akapanda kumuwonjezera nthawi, zotsalazo azibweza zonse. Kuti akaphunzire ku South Africa, bambo ake anagulitsa ng'ombe 14 ndi mbatata ya kachewere ya nyengo zitatu. Anabwerako ndi laisensi ndi maola 200 pamene Covid inali itaimitsa ndege mu 2020, n'kukhala zaka ziwiri akuyendetsa txopela, kanjinga kamoto ka matayala atatu konyamula anthu, mumzinda wa Tete, laisensi ili m'chikwama. Lero ali ndi maola 900. Kuti apeze ATPL, laisensi yapamwamba ya oyendetsa ndege, afunika 1,500.

"Komandante, akandichotsa ndi maola 900 ndipita kuti? Kumudzi ndikawauza chiyani abambo?"

Ndinamuuza mosabisa kuti pepala lachiwiri lija likanatha kupha anthu 21, iye ndi ine tili momwemo, ndi kuti ndilemba lipoti. Ndinamuuzanso kuti foni ija ndiilemba, ndi nthawi yake. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati alemba mbali yake ndi dzanja lake. Tinalemba patebulo lomwelo.

Chimene anachita n'cholakwika ndipo sindikumuchotsera. Koma mkwiyo wanga waukulu suli pa iye. Pampando wakumanja timaikapo munthu kuti athe kunena kuti ayi. Kuwerenga checklist ndi kuyankha wailesi aliyense angaphunzire. Ntchito yake yeniyeni ndi ya tsiku limene ine ndatopa, ndalakwitsa nambala kapena ndachita liuma, kuti andigwire dzanja. Chaka ndi chaka amatikhazika m'kalasi ya CRM, ya kagwiridwe ka ntchito limodzi m'ndege, n'kumatiuza kuti wamng'ono alankhule. Ndiye mumutenge wamng'ono yemweyo, mumumange ndi ngongole, mumupatse pepala la miyezi 6, nambala yake ya foni muipereke kwa munthu amene amawerenga ndalama za kontirakiti. Alankhula ndi pakamwa pati? Kampani yathu yalemba makopiloto anayi motere m'zaka ziwiri zapitazi. Lachitatu ndinagwira pepala limodzi. Sindiuluka ndi onse tsiku lililonse.

Ndinayamba ntchito pamene Tete inkawira. Vale itatsegula mgodi wa Moatize mu 2011, pa Chingozi pankasowa poimika ndege, ndipo kopiloto wakhama ankadziwa kuti zaka zinayi kapena zisanu asamukira kumanzere. Chaka chomwecho European Union inaletsa ndege zonse za Mozambique kulowa kwawo, ndipo chiletsocho chinachoka mu 2017. Amene tinalipo tikukumbuka manyazi ake, ndiponso ntchito imene IACM, bungwe la boma loyang'anira za ndege, ndi makampani anagwira kuti dzina la dziko liyere: mabuku kulembedwanso, maphunziro, kuunikidwa kosatha. Kenako malasha anagwa mtengo, Rio Tinto inachoka ku Benga mu 2014, Vale inagulitsa kwa Vulcan mu 2022, ndipo makampani ang'onoang'ono ngati athu anayamba kulimbirana makontirakiti ochepa potsitsa mitengo. Mtengo ukatsika, ndalamazo zimachotsedwa penapake. Kwathu zachotsedwa pa zipangizo, pa simuleta ndi pa achinyamata.

Lachinayi titabwerera anatiitanira kumsonkhano. Ndinkaganiza kuti ndi za lipoti. Ayi, zinali za tsogolo la kampani. Ndege ya radar yakufa ija aigulitsa. M'malo mwake abweretsa ya wet lease, yobwereka, yobwera ndi oyendetsa ake ndi amakaniko ake. Kukweza makopiloto kuti akhale makomandante kwaimitsidwa mpaka mtsogolo, osanena kuti liti. M'chipindamo munali anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi amene aliyense wapyola maola 3,000, ATPL ali nayo, akhala akulonjezedwa kuyambira chaka chatha. Mtsikanayo anafunsa chifukwa chimene kampani imalembera makomandante akunja a miyezi yochepa, olipidwa madola ndi nyumba, pamene iwo alipo. Anamuyankha kuti makasitomala amafuna anthu odziwa zambiri.

Ndi alendo ndilibe nawo chifukwa. Amene anandiphunzitsa kutera pa mphepo yam'mbali anali mkulu wina wa ku Zimbabwe, ndipo mpaka lero ndimamva mawu ake m'khutu. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, n'zoona. Koma mkulu uja anakhala nafe zaka 6 ndipo anasiya makomandante atatu. Awa a masiku ano amabwera miyezi 6, saphunzitsa munthu chifukwa sizili m'pepala lawo, ndipo ambiri nawonso amaopa kukana chifukwa akufuna kuitanidwanso. Akamapita, kalumo kaja amapita nako. Anzathu amene anatopa kudikira ali ku Addis Ababa ndi ku Doha, ndipo amene anawalera ndi ife.

Enanu mumandifunsa chifukwa chimene ine sindinapite. Ndili ndi zaka 47, amayi ali ku Domué ndipo akalamba, ana ali pasukulu kuno. Komanso ndimanyadira kuti mwana wa ku Angónia amene ankathamangira kunja akamva kulira kwa ndege, lero amalankhula ndi nsanja ya Chingozi ali kumanzere. Ndinkafuna kuti ndikamadzapuma ndidzasiye ena akwathu pampando umenewu.

Lachisanu ndinapita ku Beira ndi kopiloto wina. Loadsheet yake ndinaiwerenga mzere ndi mzere, kawiri, mpaka anandiyang'ana modabwa. Sanalakwitse kanthu. Ndinamva chisoni kuti ndayamba kukayikira anthu amene ndinkawadalira, ndipo sindinathe kumufotokozera chifukwa chake.

Loweruka esikala ya sabata yamawa inatuluka. Dzina la mnyamata wa ku Tsangano lili pa standby masiku onse, ndiye kuti palibe ola ngakhale limodzi lolowa m'logbook yake. Shefe uja ali pa ntchito monga mwa masiku onse. Lipoti lathu silinayankhidwe, ndipo ndasunga kope lake ndi mapepala awiri aja. Likafika Lachisanu kuli zii, ndikalipereka ku IACM ndekha. Ndalembera mkulu wa oyendetsa ndege kupempha kuti mnyamatayo amuike pa ulendo wanga wa Lolemba wa ku Nacala, chifukwa ngati pali woti auluke naye tsopano ndi ine. Usiku ndinamuimbira. Anali pa chapa, minibasi, akupita kwawo kukathandiza abambo ake kukonza munda mvula isanagwe. Anandifunsa ngati abwerere Lamulungu. Ndinamuuza kuti abwerere, yunifolomu ikhale yosita.